Kuteteza Zipatala ndi Zipangizo Zake ku Madzi Osefukira

Madzi akasefukira, ovulala, amayi oyembekezera ndi odwala ena onse amathamangira kuchipatala. Tsoka lake, madzi omwewo amene awatulutsa m'nyumba zawo amathanso kufika kuchipatalako. Sukulu ikalowa madzi, ana amabwezedwa kwawo. Sitolo ikalowa madzi, mwini wake amatseka n'kudikira kuti kuume. Chipatala sichingachite zimenezo. Tsiku la ngozi ndi limene ntchito yake imachuluka kuposa masiku onse, ndipo mkatimo muli anthu amene sangadzuke pabedi, makanda obadwa masiku asanakwane, ndi ena amene akupuma mothandizidwa ndi makina.

## Chipatala chotetezeka n'chotani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi nthambi yake ya kumayiko a America ya PAHO, limati chipatala chotetezeka ndi chimene anthu amatha kuchifikira, ndipo chimapitiriza kugwira ntchito yake yonse pamalo pake pomwepo, ngozi ili mkati komanso itangotha. Tanthauzo limeneli silikunena za khoma lokha. Chipatala chikhoza kuima chilili, denga lili bwinobwino, koma chitafa kale: magetsi azima, mipope yauma, mankhwala anyowa, msewu waduka, anamwino atsekerezedwa tsidya lina la mtsinje.

Akatswiri amaigawa patatu nkhaniyi. Gawo loyamba ndi nyumba yeniyeniyo, kutanthauza maziko, makoma ndi denga. Lachiwiri ndi zonse zimene zimaipatsa moyo nyumbayo: mawaya ndi maswichi a magetsi, majenereta, mapaipi a madzi ndi a mpweya wa okosijeni, makina oyezera ndi ochizira matenda, mafiliji, mankhwala ndi mabuku a odwala. Lachitatu ndi anthu ndi dongosolo lawo. Chivomezi chimalimbana kwambiri ndi gawo loyamba. Madzi osefukira nthawi zambiri amalisiya loyambalo n'kupha lachiwiri, limene ndilo limadya ndalama zambiri pomanga chipatala chachikulu. Madzi olekeza m'mawondo, akangolowa m'chipinda cha maswichi, amatha kutseketsa chipatala cha nsanjika 20.

## Mmene dziko linaphunzirira

Nkhani yoteteza zipatala inayamba ndi chivomezi. Mu Seputembala 1985, chivomezi cha ku Mexico City chinagwetsa nyumba za zipatala zazikulu monga Hospital Juárez, ndipo odwala ndi ogwira ntchito mazanamazana anafera momwemo. Kuchokera apo PAHO inayamba kulimbikitsa maboma kuti aziunika zipatala zawo ngozi isanagwe. Kwa zaka zingapo maso anali pa kulimba kwa makoma ndi madenga.

Za madzi zinadzaonekera poyera mu Juni 2001 ku Houston, m'chigawo cha Texas ku America. Kumeneko kuli Texas Medical Center, dera limene zipatala ndi masukulu a udokotala zinamangidwa mothinana pafupi ndi mtsinje wa Brays Bayou. Namondwe wotchedwa Allison anagwetsa mvula yoopsa usiku umodzi, madzi n'kulowa m'zipinda zapansi pa nthaka. Nyumbazo zinali zolumikizana ndi tinjira tapansi toyendamo anthu ndi katundu, ndipo tinjirato tinasanduka ngalande zopereka madzi kuchoka nyumba ina kupita ina. Magetsi a boma anazima, a majenereta nawo anazima. Chipatala cha Memorial Hermann chinatulutsa odwala oposa 500, ambiri atanyamulidwa pamasitepe mumdima. Katundu wowonongeka m'deralo anali wa ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni.

Mu Januwale 2005, mayiko 168 anagwirizana ku Japan pa ndondomeko ya Hyogo, imene mwa zina inati zipatala zatsopano zizimangidwa moti zipitirize kugwira ntchito pa ngozi. Patangotha miyezi 7, namondwe Katrina anagumula makoma otchinga madzi ku New Orleans. Pa Memorial Medical Center, majenereta anali pamalo okwererapo, koma maswichi ena opititsa magetsiwo m'mawodi anali pafupi ndi nthaka. Magetsi atazima, makina opumira anasiya, zikepe zinaima, kutentha kunakula, ndipo pamapeto pake m'chipatalamo munapezeka mitembo 45. Charity Hospital, chimene chinkathandiza osauka a mumzindawo kwa zaka zambiri, sichinatsegulidwenso.

Mu 2008 PAHO inatulutsa fomu yoyezera chitetezo cha chipatala, ndipo mu 2015 WHO ndi PAHO anaikonzanso n'kukhala ndi mfundo 151. Chipatala chikayezedwa chimaikidwa m'gulu A, B kapena C. Cha m'gulu A chikuyembekezeka kupitiriza ntchito pa ngozi, cha m'gulu C chikufunika kukonzedwa mwamsanga chifukwa miyoyo ya amene ali mkatimo ili pachiswe. Komabe fomu siitchinga madzi. Mu Disembala 2015, ku Chennai m'dziko la India, odwala 18 a m'wodi ya odwala mwakayakaya anamwalira pachipatala china chachikulu madzi a mtsinje wa Adyar atamiza chipinda cha majenereta.

## Madzi amalowera pati, ndipo amawononga bwanji?

Ambiri amaganiza za khomo. Khomo ndi njira imodzi chabe. Madzi amalowa ndi mawindo otsika, mabowo a mpweya, potsetserekera magalimoto obweretsa katundu, ndi mipata imene amisiri anaboola pakhoma podutsitsa mawaya ndi mapaipi. Amatulukiranso pansi, pamene nthaka yakhuta n'kuyamba kukankhira madzi m'ming'alu ya simenti. Njira yonyansa kuposa zonse ndi ya suweji. Mapaipi a mumsewu akadzaza, zonyansa zimabwerera m'mbuyo n'kutumphukira m'zimbudzi, m'masinki ndi m'timabowo tapansi ta m'bafa. Chipatala chikhoza kuzunguliridwa ndi mpanda wabwino kunja, mkati n'kumadzaza kuchokera kuchimbudzi. N'chifukwa chake mainjiniya amaika pa mapaipiwo tizitseko tolola madzi kutuluka koma osabwerera.

Kulemera kwa madzi nako sikoyenera kukupeputsa. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu amalemera tani imodzi. Kuya kwa madzi kukawirikiza kawiri, mphamvu imene akukankhira khoma imawirikiza kanayi. Madzi amakankhiranso m'mwamba. Thanki ya dizilo yokwiriridwa pansi, ikakhala yosadzaza ndiponso yosamangiriridwa, imayandama n'kudula mapaipi ake. Akakhala madzi othamanga, amakokolola dothi la pamaziko ndipo amabwera ndi miyala ndi zigodo za mitengo.

Kwa makina, chachikulu si kunyowa kokha ayi, koma zimene madziwo anyamula. Muli matope, mchere, mafuta ndi zonyansa za m'zimbudzi. Zimenezi zikalowa m'timawaya ta m'kati mwa makina, zimachititsa magetsi kudutsa mosayenera n'kuwotcha tizipangizo. Madzi akauma zimatsalira, n'kumadya zitsulo pang'onopang'ono. Makina otere akhoza kuyaka lero n'kufa pakatha miyezi itatu, kapenanso, chomwe chili choopsa kwambiri, kupitiriza kuyaka uku akupereka zotsatira zabodza. Ngakhale makina amene madzi sanawakhudze amavutika ndi chinyontho, ndipo chuku chimayamba kumera pa zinthu zonyowa pakangotha tsiku limodzi kapena awiri. Kwa munthu wofooka m'thupi, monga wodwala khansa kapena Edzi, chuku cha m'khoma chimabweretsa matenda a m'mapapo.

## N'chifukwa chiyani zipangizo zodula zimakhala pansi?

Wina angafunse kuti, ngati zili choncho, amaziikiranji pansi? Omanga zipatala sanachite mwaumbuli. Makina a MRI amalemera matani angapo ndipo safuna kugwedezeka. Makina owotchera khansa amafuna chipinda cha makoma a konkire ochindikala kwambiri kuti cheza chake chisatuluke, ndipo chipinda chotere n'chosavuta kuchimanga pansi penipeni. Majenereta, maboyila ndi mathanki a mafuta n'zaphokoso, n'zolemera, ndipo malamulo a zozimitsa moto m'mizinda yambiri salola kusunga mafuta ochuluka pansanjika zapamwamba. Khitchini, famase, mochapira ndi mosungira katundu zimafuna kukhala pamene lole ingafike. Zipinda zowala bwino, zokhala ndi mawindo, zimapatsidwa kwa odwala.

Chifukwa chilichonse mwa zimenezi n'chomveka. Zikaphatikizana, zotsatira zake n'zakuti zonse zimene chipatala sichingakhale popanda izo zimasonkhana pamalo otsika kwambiri, pamene madzi amayambira kufika.

## Magetsi: kukweza jenereta pakokha sikukwanira

Katrina atadutsa, zipatala zambiri zinamva uthenga wakuti jenereta ikhale pamwamba. Namondwe Sandy, amene anafika ku New York kumapeto kwa Okutobala 2012, anaonetsa kuti uthengawo unali wosakwana. Pa Bellevue Hospital majenereta anali pansanjika ya 13, kutali ndi madzi. Koma mapampu okwezera dizilo kuchoka m'mathanki anali m'chipinda chapansi, ndipo anamira. Ogwira ntchito, mothandizidwa ndi asilikali, anandandalika pamasitepe n'kumapatsirana zigubu za mafuta mpaka pamwamba. Anapulumutsa miyoyo, koma mapampu a madzi nawo anali atafa, ndipo odwala oposa 700 anasamutsidwabe. Chapafupi pomwepo, chipatala cha NYU Langone chinatulutsa odwala pafupifupi 300 usiku namondwe ali mkati, kuphatikizapo makanda a m'wodi ya ana odwalitsa, amene anamwino anatsika nawo masitepe akuwapopera mpweya ndi manja.

Magetsi apangozi ali ndi njira yaitali: thanki, pampu, paipi, jenereta, swichi yosinthira, bokosi logawira, mawaya, mpaka soketi ya pafupi ndi bedi. Malo amodzi okha akamira, njira yonse yafa. Poyendera chipatala, woyeza ayenera kuitsatira njirayi ndi miyendo yake kuchokera pa thanki mpaka pa bedi, akufunsa pamalo paliponse kuti, pano madzi angafike? Achitenso chimodzimodzi ndi madzi akumwa, okosijeni, suweji ndi makompyuta osunga mbiri ya odwala. Njirazi zimadalirananso. Popanda magetsi pampu ya madzi siiyenda, popanda madzi makina ophera tizilombo pa zida za opaleshoni sagwira ntchito, ndipo zida zikapanda kuphikidwa, fiyeta yatsekedwa ngakhale mababu akuyaka.

Palinso zimene zilibe chochita ndi kukwera kapena kutsika kwa malo. Jenereta yosayatsidwa kwa miyezi imakana tsiku limene ikufunika. Dizilo wokhalitsa amalowa madzi ndi litsiro. Batire yolizira injini imatha mphamvu. Jenereta iyenera kuyesedwa kawirikawiri itasenza katundu weniweni wa chipatala, osati kungoiliza kwa mphindi ziwiri.

## Njira zotetezera ndi pamene akatswiri amasiyana

Njira yoyamba, yotsika mtengo kuposa zonse, ndi kusamanga pamalo a madzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mapu a mainjiniya amanena zomwezo m'manambala. Pano pali chinthu chimene chimasocheretsa anthu. Akatswiri akamati chigumula cha kamodzi pa zaka 100, sakutanthauza kuti chikabwera chaka chino ndiye kuti tapuma kwa zaka 99. Akutanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100 woti chichitike. Chipatala chimene chikhale zaka 50 pamalo otere chili ndi mwayi pafupifupi 40 pa 100 wokumana nacho. N'chifukwa chake ku America ndi kwina amalangiza kuti zipatala zizimangidwa poganizira chigumula chachikulu kuposa pamenepo, cha kamodzi pa zaka 500.

Njira yachiwiri ndi kukweza. Nzeru yake ndi yomwe ija ya nkhokwe, imene siikhala pansi penipeni koma pa miyala kapena pa mitengo kuti chinyontho chisafike pa chimanga. Chipatala chatsopano cha asilikali opuma ntchito ku New Orleans, chotsegulidwa mu 2016, chinamangidwa motero. Wodi ya ngozi ili pansanjika yachiwiri, msewu wokwerera ma ambulansi ungathe kukhala doko la maboti, ndipo chinakonzedwa kuti chizidziimira pachokha kwa masiku asanu. Spaulding Rehabilitation Hospital ku Boston, ya mu 2013, ili m'mphepete mwa nyanja, koma makina ake a magetsi ali padenga ndipo mawindo ake amatseguka kuti odwala asapse magetsi akazima. Kukweza kuli ndi ubwino umodzi waukulu: sikudikira munthu kuti achitepo kanthu usiku wa ngozi.

Njira yachitatu ndi kutchinga, pogwiritsa ntchito makoma, zipata zachitsulo, zitseko zosalowa madzi ndi mapampu. Texas Medical Center inatsata kwambiri njira imeneyi Allison atapita. Inaika m'tinjira tapansi tija zitseko zolemera zonga za sitima zoyenda pansi pa nyanja, inakweza maswichi, mtsinje wa Brays Bayou unakuzidwa, ndipo dongosolo lochenjeza mtsinjewo ukayamba kukwera linalimbikitsidwa. Mu Ogasiti 2017 kunabwera namondwe Harvey, amene malo ena a Texas anagwetsa mvula yopitirira mamilimita 1,500. Zitseko zinatsekedwa nthawi yabwino ndipo zipatala zambiri za m'deralo zinapitiriza ntchito. Uwu ndi umboni wamphamvu woti chitetezo chimatheka. Koma sizinathe bwino zonse. Pa Ben Taub Hospital madzi ndi zonyansa zinalowa m'chipinda chapansi n'kusokoneza khitchini ndi famase, ndipo misewu yozungulira inamira moti odwala ndi ogwira ntchito ankalephera kufika.

Mkangano uli apa. Okonda kutchinga amati chipatala chakale sichinganyamulidwe, ndipo kusamutsira makina onse pamwamba kumadya ndalama zambiri komanso kumaimitsa ntchito kwa miyezi. Amaloza ku Tampa General Hospital ku Florida, kumene mpanda wochita kulumikiza pa nthawi ya ngozi unatchinga madzi a m'nyanja pa namondwe Helene mu Seputembala 2024. Otsutsa amati mpanda umafuna chenjezo la nthawi yokwanira, anthu ouika, ndi pampu yochotsa madzi a mvula ogwera mkati. Madzi akaupitirira ngakhale pang'ono, chitetezo chonse chatha nthawi imodzi, ndipo anthu amene anaukhulupirira amakhala asanakonzeke kuthawa. Pa namondwe yemweyo wa Helene, ku Erwin m'chigawo cha Tennessee, mtsinje wa Nolichucky unakwera mofulumira kwambiri moti anthu oposa 50 anapulumutsidwa ndi helikopita ali padenga la chipatala. Khoma wamba nalo lili ndi malire: madzi akafika pafupifupi mita imodzi, kuwatsekera kunja kungagwetse khomalo.

Mbali zonse zili ndi mfundo, koma sizilemera mofanana. Chimene chingakwezedwe chikwezedwe, ndipo mpanda utchinge zokhazo zimene sizingasunthike. Palinso njira yapakati imene siitchulidwa mokwanira: kuvomereza kuti zipinda zina zidzalowa madzi, n'kuzimanga ndi simenti ndi matailosi osavuta kutsuka, masoketi ali m'mwamba, mkatimo muli zinthu zosadula.

## Kusamutsa odwala kapena kukhala nawo?

Funso ili ndi lovuta kuposa onse, ndipo mpaka pano palibe yankho limodzi. Kusamutsa wodwala mwakayakaya n'koopsa pakokha. Kafukufuku wa m'nyumba zosungira okalamba ku America anapeza kuti pa anamondwe angapo, okalamba amene anasamutsidwa anamwalira ochulukirapo m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi amene anakhala. Koma kusamutsa madzi atalowa kale, mumdima, zikepe zitaima, n'koopsa kuposa kusamutsa dzuwa likuwala.

New York inalawa mbali zonse ziwiri. Mu 2011, pa namondwe Irene, akuluakulu a mzinda analamula zipatala za m'mphepete mwa madzi kuti zisamutse odwala, namondweyo n'kudutsa osawononga kwenikweni. Chaka chotsatira, pa Sandy, lamulo lotere silinaperekedwe, ndipo Bellevue ndi NYU Langone zinasamutsa odwala zinthu zitaipa kale. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti chiganizo chisapangidwe usiku wa ngoziyo. Chipatala chilembe pasadakhale kuti mtsinje ukafika pa mlingo wakutiwakuti, odwala akutiakuti achoka, apita kwakuti, pa galimoto yanji, ndipo wolamula ndani. Kuchepetsa odwala kumathandizanso: kutulutsa amene achira, kuimitsa maopaleshoni osafulumira, ndi kutumiza kumtunda amayi oyembekezera amene ali pafupi kuchira.

## Madzi akaphwera

Makina ambiri amafa pa nthawi imeneyi, chifukwa cha mtima wofuna kuona ngati akugwirabe ntchito. Lamulo loyamba ndi lakuti makina onyowa asayatsidwe. Achotsedwe kumagetsi, batire ichotsedwe ngati n'kotheka, alembedwe chizindikiro, ajambulidwe chithunzi, ndipo adikire katswiri wa zipangizo zachipatala. Kuwayanika padzuwa sikuchotsa mchere ndi matope za mkati. Zida zachitsulo monga masizasi ndi zopanira zimatsukidwa n'kuphikidwanso. Magolovesi, mabandeji, majakisoni, tizipangizo toyezera malungo ndi HIV, ndi chilichonse chimene paketi yake yanyowa chiyenera kutayidwa, ngakhale chikuoneka chabwino. Chimodzimodzi mankhwala okhudzidwa ndi madziwo, ndi matiresi a siponji. Katemera ambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ngati filiji inazima, oyang'anira katemera ndiwo aweruze, atayang'ana zizindikiro za pa mabotolo ndi kaundula wa kuzizira.

Kutaya katundu wotere kumapweteka, makamaka kumene mankhwala ndi osowa kale. Koma jakisoni wolowa madzi a m'chimbudzi amapatsira matenda munthu amene anabwera kudzachira.

## Zipatala zazing'ono za kumidzi ku Malawi

Zitsanzo zambiri zolembedwa bwino n'zochokera ku mayiko olemera, kumene zipatala zili ndi zipinda zapansi pa nthaka ndi zikepe. Chipatala chaching'ono cha ku Nsanje kapena ku Phalombe chilibe zimenezo. Ndi nyumba zapansi zokhazokha, ndipo palibe nsanjika yothawirako. Komabe mfundo yake ndi yomweyo, zasintha ndi zipangizo: filiji ya katemera, mabatire a sola ndi bokosi lake, kamakina kopanga okosijeni, maikulosikopu, makatoni a ma ARV ndi LA, maregista a kusikelo.

Ngozi zake n'zodziwika. Mu Malichi 1991 napolo anasesa midzi ku Phalombe, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo lake loyamba la zangozi, limene linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Pa madzi osefukira a Januwale 2015 ndi a Malichi 2019, dera la Makhanga ku Nsanje, kumene Ruo amakumana ndi Shire, linasanduka chilumba. Chipatala chake chinalowa madzi ndi matope, ndipo a bungwe la MSF ankafikako pa boti kapena pa helikopita. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka chathunthu ndi miyezi, kotero ngakhale zipatala za kutali ndi madziwo zinadalira majenereta. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Mu Malichi 2023, Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, ndipo zipatala za Nkhulambe ku Phalombe ndi Muloza ku Mulanje zinawonongeka kwambiri.

Mitundu ya ngoziyi ndi iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kuchigwa cha Shire madzi amakwera pang'onopang'ono, amafalikira patali, n'kukhala masiku. Kumeneko kukweza maziko, mashelefu ndi masoketi kumathandizadi, ndipo nthawi yosamutsa katundu imapezeka ngati chenjezo la anthambi ya zanyengo ndi a DoDMA lafika kwa woyang'anira chipatala. M'munsi mwa mapiri a Mulanje, Michesi ndi Soche, napolo amatsika ndi miyala m'mphindi zochepa. Kumeneko mathumba a mchenga alibe ntchito. Chotetezera n'kusakhala m'njira yake basi.

Zinthu zina zimachitika ndi ndalama zochepa. Filiji ndi mabatire zikhale pa nsanja ya simenti. Makatoni a mankhwala asagone pansi. Ngalande zozungulira chipatala zitsukidwe mu Okutobala mvula isanayambe. Mankhwala a miyezi ingapo, klorini ndi dizilo zifike kumadera oduka misewu dzinja lisanalowe, ndipo odwala a ma ARV, TB, shuga ndi BP apatsidwiretu okwanira. Mafiliji a sola osadalira batire, amene amasunga kuzizira m'madzi oundana kwa masiku angapo, achepetsa kwambiri vuto la katemera, koma nawonso akamira afa. Pamene pamaiwalika kawirikawiri ndi kuseri kwa chipatala. Zimbudzi zokumba, dzenje lotayamo zotsalira za uchembere ndi dzenje la majakisoni zikasefukira, zonyansa zake zimalowa mu mjigo wa pachipatala pomwepo. Mjigo ukhale kumtunda kwa maenjewa, mutu wake utakwezedwa ndi kumatidwa bwino, ndipo madzi akaphwera uthiridwe klorini usanayambe kutungidwa. Nyumba za anamwino nazo ndi mbali ya chipatala. Namwino amene ana ake ali pamtengo sangakhale m'wodi.

Mkangano waukulu kuno ndi wosamutsa chipatala chonse. Ena amati kumangamanganso pamalo omwe amamira n'kutaya ndalama, ndipo kumakopa anthu kukhalabe pangozi. Ena amati anthu a kuchigwa sakhala kumeneko mwaumbuli. Kuli madimba achonde ndi nsomba, kumtunda malo ndi ochepa, ndipo chipatala chikapita kutali, mayi woyembekezera adzavutika masiku onse a chaka pofuna kupewa ngozi ya masabata awiri. Mfundo yachiwiriyi siyenera kunyozedwa. Kumene anthu sakuchoka, chanzeru n'kusamutsira pamalo okwera zinthu zodula ndi wodi ya amayi, n'kusiya pafupi ndi anthu kachipatala kolimba, kokwezedwa, kosavuta kutsuka, kokhala ndi boti.

## Ndalama ndi nyengo: chodziwika ndi chosadziwika

WHO yakhala ikunena kuti kuika chitetezo pomanga chipatala chatsopano kumawonjezera pafupifupi 4 pa 100 pa mtengo wake. Kukonza chakale kumadula kuposa apo, ndipo mtengo wake umasiyana kwambiri malinga ndi nyumba. Kutaya ndiye kumadula koposa: Sandy atapita, boma la America linapereka madola oposa 1 biliyoni kwa NYU Langone yokha, ndipo wodi yake ya ngozi inakhala yotseka mpaka 2014. Vuto ndi lakuti ndalama zomangira zimapezeka mosavuta kuposa zosamalira. Abwenzi akunja amapereka makina ndi majenereta, koma mafuta, masipeya ndi maulendo a amisiri a nthambi ya PAM ya mu Unduna wa Zaumoyo zimadalira thumba la boma ndi la makhonsolo, limene ndi lopereweza kale.

N'zodziwikanso kuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyontho chowonjezera pafupifupi 7 pa 100, kotero mvula yamphamvu ikukulirakulira. Chosadziwika ndi kuchuluka kwake pamalo enieni. Asayansi a World Weather Attribution ataunika mvula ya Ana ndi anamondwe ena a 2022 ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi, anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaiwonjezera mphamvu, koma analephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa zaka zambiri ndi ochepa m'derali. Injiniya wofuna kudziwa kuti maziko akwere masentimita angati amasowa pogwira. Mitsinje nayo ikusintha, pamene mitengo ikutha m'mapiri ndipo mchenga ukukwirira makwawa, moti madzi ochepa amasefukira pamene kale sankafika.

Kumene manambala akusowa, pali umboni wina umene ungasonkhanitsidwe lero. Mzere wa matope umene chigumula chasiya pakhoma uyezedwe ndi kulembedwa ndi penti, pamodzi ndi chaka chake, anthu asanatsuke. Mafumu ndi okalamba a m'deralo afunsidwe pamene madzi analekeza mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023. Mlingo wapamwamba pa yonseyo ndiwo poyambira, ndipo omanga awonjezerepo danga lina pamwamba pake asanasankhe pamene filiji, mabatire ndi bedi lochirirapo amayi zidzakhale.